Ndani Amaika Mtengo wa Madzi ndi Suweji? Zoyenera Kudziwa Banja ndi Wabizinesi Aliyense

Mtengo wa madzi ukakwera, woyamba kumva mawu owawa amakhala wowerenga mita. Ena amakalipira mayi wogulitsa madzi pa kiyosiki, ena amapita kukagogoda kwa khansala wa dera lawo. Koma pa anthu atatuwa palibe ndi mmodzi yemwe amene amaika mtengo wa madzi. Mtengowo umaikidwa ndi mabungwe aboma odziwika bwino, motsata malamulo, ndipo inu amene mumalipira muli ndi ufulu wofunsa kuti zayenda bwanji. Chofunika ndi kudziwa khomo loyenera kugogoda, chifukwa dandaulo loperekedwa ku ofesi yolakwika limangothera m'kabati.

Makomo atatu

M'Malawi muno madzi a m'mipopi ya m'mizinda ndi m'matauni sayendetsedwa ndi makhonsolo. Lamulo la Waterworks Act la chaka cha 1995 lidapereka ntchitoyi kwa mabungwe asanu aboma. Blantyre Water Board imatumikira mzinda wa Blantyre ndi madera oyandikana nawo. Lilongwe Water Board imatumikira likulu la dziko. Matauni otsala adagawidwa potsata zigawo: Northern Region Water Board ili ndi Mzuzu, Karonga, Nkhata Bay ndi ena, Central Region Water Board ili ndi Kasungu, Salima, Dedza ndi ena, Southern Region Water Board ili ndi Zomba, Mangochi, Liwonde ndi ena. Ngati bilu yanu imachokera ku limodzi mwa mabungwe amenewa, nkhani ya mtengo wa madzi ili m'manja mwa bungwelo pamodzi ndi unduna woona za madzi. Ili ndi khomo loyamba.

Khomo lachiwiri ndi khonsolo. Lamulo la maboma ang'ono la chaka cha 1998 limapatsa makhonsolo udindo woona za ukhondo: zinyalala, ngalande, zimbudzi za pamsika, ndiponso zonyansa zochokera m'nyumba. Kwa zaka zambiri mapaipi a suweji a m'mizinda ikuluikulu akhala akuyendetsedwa ndi makhonsolo a mizindayo, ngakhale kuti lamulo la 1995 lija limalolanso mabungwe a madzi kugwira ntchitoyi. Khonsolo imapeza ndalama kuchokera ku msonkho wa malo ndi nyumba, umene ambiri amautchula kuti city rates, komanso ku malipiro ena amene imaika kudzera m'malamulo ake ang'onoang'ono.

Khomo lachitatu ndi la anthu eni ake. M'madera ngati Ndirande, Mbayani, Mtandire ndi Chinsapo, mabanja ambiri amatunga madzi pa kiyosiki, ndipo makiyosiki ochuluka amayendetsedwa ndi magulu a anthu ogwiritsa ntchito madzi, odziwika ndi dzina loti WUA. Kumudzi kuli makomiti a mjigo ndi magulu oyang'anira mipopi ya madzi otsika okha kuchokera m'mapiri. Kumeneko mtengo umakambidwa pamsonkhano, ndipo khonsolo ya boma imathandiza kudzera mu ofesi yake ya zamadzi.

Kodi mukulipira chiyani, poti madzi ndi a Mulungu?

Funso ili limamveka pafupifupi pamsonkhano uliwonse. Yankho lake nlakuti simulipira mvula kapena mtsinje. Mumalipira ntchito yotunga madziwo, kuwayeretsa ndi kuwafikitsa pakhomo panu.

Tengani chitsanzo cha Blantyre. Madzi ambiri a mzindawu amachokera mumtsinje wa Shire pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amakankhidwa ndi makina kukwera chitunda cha mamita pafupifupi 800 asanafike m'matanki a mumzinda. Damu la Mudi ndi madzi ochokera ku Likhubula m'phiri la Mulanje amangothandizira. Nchifukwa chake magetsi amadya gawo lalikulu la ndalama za Blantyre Water Board, ndipo mtengo wa magetsi ukakwera, bungweli limamva kuwawa msanga kuposa anzake. Ku Lilongwe madzi amachokera mumtsinje wa Lilongwe, amene amasungidwa m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, ndipo gwero lake ndi nkhalango ya Dzalanyama. Mitengo ikadulidwa ku Dzalanyama, matope amachuluka m'madzi, mankhwala oyeretsera amafunika ambiri. Zomba imadalira damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri, kumene madzi amatsika okha, pomwe Mzuzu imadalira damu la Lunyangwa. Malo akasiyana chonchi, ndalama zoyendetsera ntchito zimasiyananso, ndipo nchifukwa chake mitengo ya mabungwe asanuwa siyifanana.

Kupatula magetsi, bungwe la madzi limawerengera zinthu izi pokonza mtengo: mankhwala monga klorini, amene ambiri amagulidwa kunja, mapaipi, mamita ndi zipangizo zokonzera makina, mafuta a galimoto, malipiro a antchito, ndalama zimene limapereka ku National Water Resources Authority chifukwa chotunga madzi mumtsinje kapena pansi pa nthaka, monga mwa lamulo la 2013 loona za madzi, ndiponso ngongole zimene lidatenga pomanga madamu ndi kukulitsa mapaipi. Ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chogulidwa kunja chidakwera mtengo, ngongole za ndalama zakunja nazo zidalemera.

Pali chinthu china chimene wolipira bilu ayenera kuchidziwa bwino. Si madzi onse oyeretsedwa amene amabweretsa ndalama. Ena amatayika m'mapaipi akale ophulika, ena amabedwa ndi anthu olumikiza mwachinyengo, ena amadutsa m'mamita owonongeka osawerengedwa. M'mizinda yathu ikuluikulu madzi otayika motere akhala akuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi onse. Kuonjezera apo, maofesi ena aboma akhala akuchedwa kulipira mabilu awo. Bungwe likamapempha kukweza mtengo, nzika ili ndi chifukwa chofunsira kuti: kodi mwachitapo chiyani pa madzi otayika ndi pa ngongole zimene simunatolere? Pakuti ngati zimenezi sizikonzedwa, wolipira mokhulupirika ndiye amasenza katundu wa ena.

Njira imene mtengo umadutsa

Bungwe la madzi silingadzuke m'mawa nkukweza mtengo palokha. Akuluakulu a bungwelo amawerengera ndalama zimene zidzafunike ndi madzi amene akuyembekeza kugulitsa. Akaona kuti ndalama sizikwana, amakonza pempho. Pempholo limakambidwa ndi komiti yaikulu yoyang'anira bungwelo, kenaka limapita ku boma kudzera ku unduna woona za madzi. Boma likhoza kuvomera, kuchepetsa kapena kuimitsa. Likavomera, mitengo yatsopano imalengezedwa, kawirikawiri m'nyuzipepala ndi pawailesi, pamodzi ndi tsiku loyambira kugwira ntchito.

Apa pali kusiyana ndi magetsi ndi mafuta. Mitengo ya zinthu ziwirizi imaunikidwa ndi bungwe loima palokha la MERA. Kwa zaka zambiri madzi a m'mipopi akhala opanda bungwe lotere, moti amene ali mwini mabungwe a madzi, ndiye boma, ndi yemwenso amavomereza mitengo yake. Zotsatira zake zimaoneka mbali ziwiri. Nthawi zina mtengo umakhala zaka osasintha poopa kukwiyitsa anthu, bungwe nkumalephera kukonza mapaipi. Kenaka umadzakwera kamodzinkamodzi ndi mlingo waukulu umene umadzidzimutsa mabanja. Abale athu a ku Chipata, Katete ndi Petauke ku Zambia amatsata njira ina. Kumeneko makampani a madzi ndi a makhonsolo, koma mitengo imavomerezedwa ndi bungwe la NWASCO, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1997, ndipo kampani imayenera kumva maganizo a makasitomala ake isanapereke pempho lake.

Msonkho nawo umakhudza bilu, koma umenewo umaikidwa ndi Nyumba ya Malamulo kudzera mu ndondomeko ya zachuma. Mwachitsanzo, mu 2022 boma lidachotsa msonkho wa VAT pa madzi a m'mipopi. Choncho nkhani ya msonkho ndi yofunsa phungu wanu, osati kalaliki wa pa kauntala.

Chifukwa chake anthu salipira mofanana

Madzi amayezedwa ndi muyeso wa malita 1,000. Muyeso umenewu ndi wofanana ndi ndowa 50 za malita 20, kapena migolo isanu ya malita 200. Manambala akuda a pa mita yanu amawerenga miyeso imeneyi. Bilu ya mwezi imapezeka pochotsera nambala ya mwezi watha ku nambala ya mwezi uno, nkuchulukitsa ndi mtengo wa gulu lanu.

Makasitomala amaikidwa m'magulu. Pali a m'nyumba zokhalamo, pali masukulu, zipatala, matchalitchi ndi maofesi aboma, pali amalonda ndi mafakitale, ndiponso pali makiyosiki. Amalonda amalipira mtengo wokwera kuposa a m'nyumba chifukwa madziwo amawagwiritsa ntchito popanga phindu. Makiyosiki amapatsidwa mtengo wotsika kuti osauka apeze madzi abwino. Ganizo lake nlakuti amene ali ndi mphamvu athandizire amene alibe.

Mkati mwa gulu la a m'nyumba, mtengo umakwera ngati makwerero. Miyeso yoyambirira ya pamwezi, imene imakwanira kumwa, kuphika ndi kusamba, imakhala yotchipa. Mukapitirira mlingo umenewo, muyeso uliwonse woonjezera umagulidwa pa mtengo wokwererapo. Tingoyerekeza ndi manambala ongopeka kuti zimveke: ngati miyeso isanu yoyamba ili pa K1,000 umodzi, ndipo yotsatira ili pa K1,500, banja logwiritsa ntchito miyeso isanu lilipira K5,000, pomwe logwiritsa ntchito miyeso khumi lilipira K12,500, osati K10,000. Cholinga chake nchoti wothirira kapinga ndi kutsuka galimoto alipire zambiri kuposa wongophikira nsima. Mitengo yeniyeni ya gulu lanu mukaifunse ku ofesi ya bungwe lanu la madzi. Ndi nkhani yosabisa, ndipo ayenera kukuonetsani.

Suweji: ntchito yosaoneka imene imafuna ndalama

Nyumba zolumikizidwa ku mapaipi a suweji ndi zochepa kwambiri, ngakhale m'mizinda. Ambiri amagwiritsa ntchito zimbudzi zokumba, ena ali ndi matanki okwirira pansi amene amapopedwa akadzadza. Zonyansa za m'mapaipi zimapita kumalo oyeretserako, monga ku Kauma mu Lilongwe ndi ku Soche mu Blantyre, zisanatayidwe mumtsinje. Ku Lilongwe, ntchito ya suweji yakhala ikusamutsidwa kuchoka ku khonsolo kupita ku Lilongwe Water Board. Choncho musanalipire kapena kudandaula, yambani mwafunsa kuti m'dera lanu suweji ili m'manja mwa yani.

Zonyansa zilibe mita. Pa chifukwa ichi pali njira ziwiri zodziwika zolipiritsira. Kumene ntchitoyi ili m'manja mwa ogulitsa madzi, amawerengera potsata madzi amene mwagwiritsa ntchito, poganiza kuti ambiri mwa madzi olowa m'nyumba amatulukira ku suweji. Kumene ili m'manja mwa khonsolo, ndalama zimachokera ku msonkho wa malo ndi nyumba komanso ku malipiro apadera, monga olumikizira nyumba ku paipi ya suweji, otsegulira paipi yotsekeka, kapena okhuthulira zonyansa za galimoto yopopa kumalo oyeretsera.

Msonkho wa malo ndi nyumba uli ndi njira yakeyake. Akatswiri owerengera mitengo ya nyumba amayendera mapuloti nkulemba mtengo wa malo ndi zomangidwapo m'kaundula. Kaundulayo amaikidwa poyera kuti eni nyumba amuone, ndipo amene akuona kuti nyumba yake yaikidwa mtengo wopyola muyeso ali ndi nthawi yoikika yoperekera dandaulo. Kenaka makhansala, pokambirana ndondomeko ya chuma ya chaka, amagwirizana mlingo wa msonkho. Nyumba zamalonda ndi mafakitale zimakhala ndi mlingo wosiyana ndi wa nyumba zokhalamo. Malamulo ang'onoang'ono a khonsolo, amene amaika malipiro osiyanasiyana, amayenera kuvomerezedwa ndi nduna ya maboma ang'ono asanayambe kugwira ntchito. Apa ndiye pamene khansala wanu ali ndi mawu, ndipo misonkhano ya khonsolo yonse ndi yotseguka kwa anthu. Mukamva kuti kaundula watuluka, musazengereze, chifukwa nthawi yodandaulira ikatha mumalipira msonkho wowerengedwa pa mtengo umene simudagwirizane nawo.

Wina anganene kuti, ine ndili ndi chimbudzi chokumba, suweji ikundikhudza bwanji? Imakukhudzani kudzera mumtsinje ndi pachitsime. Malo oyeretsera akasowa ndalama nkuleka kugwira ntchito, zonyansa zimalowa mumtsinje wa Mudi kapena wa Lingadzi, kumene ena amachapa ndi kuthirira ndiwo zamasamba zimene zimadzafika pamsika. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo sudasankhe kuti uyu ali pa suweji, uyu ayi.

Zimene zimachitika kawirikawiri, ndi chochita

*Bilu yabwera yaikulu modabwitsa.* Musathamangire kukalipa. Yambani mwawerenga mita nokha nkufananiza ndi nambala yolembedwa pa bilu. Nthawi zina wowerenga mita akapeza geti lotseka kapena galu wolusa, bilu imalembedwa mongoyerekeza, ndipo imakonzedwa nambala yeniyeni ikapezeka. Ngati manambala akugwirizana, tsekani mipopi yonse madzulo, lembani nambala ya pa mita, m'mawa muonenso. Ikasuntha pamene palibe adatunga, ndiye kuti pali podontha, ndipo kawirikawiri wolakwa amakhala thanki ya chimbudzi kapena paipi ya pansi pa nthaka. Paipi yochokera mumsewu kufika pa mita ndi ya bungwe la madzi. Yochokera pa mita kulowa m'nyumba ndi yanu, ndipo madzi otayika mbali imeneyo mumalipira ndinu. Ngati palibe podontha koma mukukayikira mita, lembani kalata yopempha kuti adzaiyese.

*Mabanja ambiri pa mita imodzi.* Pa puloti pali nyumba za lendi zisanu ndi imodzi, mpopi ndi umodzi. Banja lililonse limagwiritsa ntchito madzi ochepa, koma mita imaphatikiza onse, moti bilu imakwera kufika pa makwerero odula. Osauka amapezeka akulipira mtengo umene udakonzedwera othirira kapinga. Njira yabwino ndi yoti mwini puloti apemphe mamita osiyana ngati nkotheka. Zikakanika, a lendi ali ndi chifukwa chomveka chopemphera kuona bilu yeniyeni mwezi uliwonse asanagawane.

*Mukulowa m'nyumba ya lendi.* Funsani kuti akaunti ya madzi ili m'dzina la yani ndipo ili ndi ngongole yanji. Lembani nambala ya pa mita tsiku lolowa, nonse awiri musayinire. Mugwirizanenso polemba kuti madzi alipira ndani. Msonkho wa malo ndi nyumba ndi udindo wa mwini nyumba kwa khonsolo. Anthu ambiri adulidwapo madzi chifukwa cha ngongole ya amene adatuluka kale.

*Mwatsegula bizinesi pakhomo.* Saluni, malo otsukira galimoto, lesitilanti kapena nyumba yogona alendo zimasintha gulu lanu. Dziwitsani bungwe la madzi. Akadzatulukira okha, angakuwerengereni ndalama za m'mbuyo. Ngati mbali ina ya puloti ndi yokhalamo, funsani za mita yachiwiri kuti madzi a pabanja asamalipidwe pa mtengo wamalonda. Amafakitale, amagalaja ndi ophera nyama adziwenso kuti mafuta, mankhwala ndi magazi sizitayidwa mu suweji kapena mumtsinje mwachisawawa. Pamafunika chilolezo, ndipo angauzidwe kuti ayambe ayeretsa okha zonyansazo.

*Muli ndi mita yogulira mayunitsi.* Mita yotere siyisintha mtengo wovomerezeka, imangosintha nthawi yolipira. Sungani risiti kapena uthenga wa pafoni. Ngati pali ngongole yakale imene akudula pa ndalama zanu, funsani kuti yatsala zingati ndipo akudula motani.

*Pa kiyosiki akweza mtengo wa ndowa.* Wogulitsa sayenera kuika mtengo wa m'mutu mwake. Mtengo wa ndowa umagwirizanidwa pakati pa gulu loyendetsa makiyosiki ndi bungwe la madzi, ndipo uyenera kudziwika kwa onse. Mukaona kusiyana, kafunseni ku ofesi ya WUA, ndipo pamsonkhano wa gululo funsani lipoti la ndalama. Makiyosiki ambiri adatsekedwapo kale chifukwa ndalama zimatoleredwa koma bilu osalipidwa.

*Kumudzi komiti ya mjigo ikufuna chopereka.* Ndalama ya pamwezi imene banja lililonse limasonkha ndi yogulira zipangizo ndi kulipira mmisiri wokonza mjigo. Mlingo wake ugwirizanidwe pamsonkhano wa mudzi, ulembedwe m'buku, ndipo msungichuma aziwerenga poyera zolowa ndi zotuluka. Midzi yambiri imagwirizana zokhululukira nkhalamba ndi ana amasiye. Pakabuka mkangano, pitani kwa amfumu, ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kenaka ku ofesi ya zamadzi ya khonsolo.

*Mukufuna kukumba mjigo wanu mutauni pothawa mabilu.* Madzi a pansi pa nthaka ali m'manja mwa boma m'malo mwa anthu onse. Funsani ku National Water Resources Authority ndi ku bungwe la madzi la dera lanu musanaitane okumba, makamaka ngati madziwo ndi a bizinesi.

Ufulu wanu

Mu 2010 msonkhano waukulu wa United Nations udavomereza kuti madzi abwino ndi ukhondo ndi ufulu wa munthu aliyense. Izi sizitanthauza kuti madzi a m'mipopi akhale aulere. Zitanthauza kuti ayenera kupezeka, akhale osadwalitsa, ndipo mtengo wake ukhale woti munthu wamba angaukwanitse.

Malamulo aakulu a dziko lino amanena kuti ofesi yaboma ikapanga chiganizo chokhudza ufulu kapena zofuna zanu, ichite motsata lamulo, mwachilungamo, ndipo ikupatseni zifukwa polemba. Mabungwe a madzi ndi makhonsolo ndi aboma, choncho lamuloli limawamanga. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2020, limakulolani kupempha zikalata monga mndandanda wa mitengo, ndondomeko ya chuma ya khonsolo kapena malipoti a pachaka. Malamulo oteteza ogula amakupatsani ufulu wolandira uthenga woona wa chimene mukulipira, ndi wodandaula mukachitiridwa zosayenera.

Mwachidule, muyenera kudziwa gulu limene mwaikidwamo ndi mtengo wake, kulandira bilu yomveka, kupatsidwa risiti pa ndalama iliyonse, kupempha kuti mita iyesedwe, ndi kuyankhidwa mukadandaula. Ngati mwalephera kulipira, pitani msanga mukakambirane zolipira pang'onopang'ono asanadule, pakuti kulumikizanso kuli ndi mtengo wake.

Kodandaula

Yambirani ku ofesi ya bungwe kapena khonsolo imene yakulipiritsani. Lembani kalata yaifupi yokhala ndi nambala ya akaunti, nambala ya pa mita, tsiku, ndi chimene mukufuna kuti chichitike. Jambulani mita ndi foni. Sungani kope la kalatayo lodindidwa chidindo cha ofesi. Mukapanda kuthandizidwa, lemberani mkulu wa bungwelo kapena wa khonsoloyo. Zikakanikabe, ofesi ya Ombudsman imamva kwaulere madandaulo a anthu amene achitiridwa zosalungama ndi maofesi aboma. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limaona nkhani za ogula, ndipo Consumers Association of Malawi imalankhulira ogula pa nkhani ngati za mitengo. Wantchito akakupemphani "ya fanta" kuti akufufutireni bilu kapena asakuduleni madzi, imeneyo ndi nkhani ya Anti-Corruption Bureau. Khoti ndi khomo lomaliza.

Vuto likakhala la dera lonse, monga mipopi youma kwa milungu koma mabilu akubwerabe, kalata imodzi yosayinidwa ndi anthu ambiri, yodzera kwa mfumu ya dera, khansala ndi phungu, imamveka msanga kuposa madandaulo a mmodzimmodzi.

Udindo wanu

Lipirani bilu pa nthawi yake, ndipo ngati mukutsutsa mbali ina, lipirani mbali imene simukuitsutsa pamene nkhani ikuunikidwa. Lolani wowerenga mita kulowa, koma muli ndi ufulu woona chiphaso chake. Musaseweretse mita, musalumikize paipi mozemba, ndipo musabwezeretse nokha madzi akadulidwa, chifukwa zonsezi ndi milandu. Mukaona paipi yaphulika mumsewu, imbani foni, pakuti madzi amenewo adzalowa m'chiwerengero cha mtengo wa chaka chamawa. Musataye matewera, nsanza, mapepala apulasitiki kapena mchenga m'chimbudzi cholumikizidwa ku suweji. Wopopa thanki yanu mumufunse kumene akukakhuthula, ndipo musalembe ntchito munthu wokataya zonyansa mumtsinje usiku.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Mwezi uno, tengani bilu yanu, muone gulu limene mwaikidwamo, muwerenge mita, mufananize. Funsani khansala wanu tsiku limene khonsolo idzakambirane ndondomeko ya chuma, ndipo mukapezekeko. Mukamva kuti mitengo ya madzi ikukwera, funsani mafunso atatu: ndani wavomereza, ndalama zoonjezerazo zikagwira ntchito yanji, ndipo madzi otayika achepa ndi mlingo wotani kuchokera pamene mudakweza komaliza. Awa ndi mafunso amene bungwe lililonse laboma liyenera kukhala ndi mayankho ake.